Bokosi la Sukulu Zisanu

Ku tauni, 9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, inuyo, alamu ndi mwana wanga. Ine kuno ndilipo, kupatula msana umene wayamba kundikumbutsa kuti ndakolopa m'mawodi a chipatala chino zaka zambiri. Foni yanu ndayiimba mpaka chala kuwawa. Kodi netiweki ikadapezekabe pamwamba pa chulu chakuseri kwa ofesi yanu chija, kapena nayonso anaisamutsa? Ndabwerera ku makalata ngati kale. Dalaivala wa lole ya mkaka wavomera kuti azitinyamulira.

Nkhani yanga ndi ya Namafunso. Chino ndi chaka chake chomaliza ku sekondale, ndipo kusukulu ya unamwino sakafunsa ngati malume ake ndi ahedi, akafunsa sayansi. Mutandiuza kuti aphunzitsi a sayansi achoka pasukulu panu, ndinasowa tulo. Koma munati ndisade nkhawa, poti sukulu zisanu zasonkherana kugula matabuleti ndipo maphunziro azibwera m'menemo. Gawo langa monga kholo ndinatumiza osanyinyirika. Tsopano ndiuzeni, zinthuzo zinafika? Mwanayo wagwirako? Kuno ndauza kale manesi onse kuti wanga akuphunzira pa tabuleti ngati ana a madokotala, ndiye musandichititse manyazi.

Ndatumiza sopo ndi nsapato zake. Zikamuthina azivala choncho, mapazi akewo akukula ngati akupikisana ndi wina. Mumuuze andilembere. Mwana amene ankandifunsa chifukwa chake magazi ali ofiira mpaka ine mutu kuzungulira sangasowe cholemba.

Ndine mlongo wanu.

Kusukulu, 24 Okutobala

Mlongo wanga,

Kalata yako ndi katundu zafika. Tonse tili bwino, ngakhale kunja kukutentha kwambiri moti mu ofesi mwanga malata amachita kulira masana.

Ndikufotokozere bwino za mgwirizano wathu, chifukwa ndi chinthu chimene ndimanyadira. Sukulu zisanu za m'dera lino, iliyonse payokha, sizikanatha kugula ngakhale tabuleti imodzi. Ndiye tinakhala pansi: ife, a kumsika, a kuphiri, a kutsidya, ndi sukulu yayikulu ya kumsewu, imene ahedi ake ndiwo wapampando. Titagula pamodzi, wogulitsa anatsitsa mtengo, bungwe lina linatiwonjezerako ndalama, ndipo tinapeza matabuleti makumi awiri ndi bokosi lachitsulo losungiramo. Aphunzitsi athu a sayansi sanachotsedwe ntchito ayi. M'sukulu zonse zisanu analipo okha, choncho tinagwirizana kuti akakhale kumsewu, kumene kuli magetsi, ndipo anajambula maphunziro a chaka chonse n'kuwaika m'matabuletimo. M'malo mophunzitsa ana makumi anayi, tsopano akuphunzitsa mazana awiri. Bokosilo limayendayenda pa njinga yamoto, sabata imodzi pasukulu iliyonse. Chaka chamawa, mgwirizano ukapitirira, tigula masola a magetsi ndi mabuku mwa njira yomweyi.

Wafunsa ngati linafika. Linafika sabata yachiwiri ya mwezi uno, ndipo linachoka lili bwinobwino, popanda chowonongeka ngakhale chimodzi. Wapampando anatiyamikira pamsonkhano.

Mwana ali bwino ndipo amathandiza alamu ako ntchito zapakhomo. Ukapeza mpata undifunsireko kuchipatalako magalasi owerengera, anga aja mwendo umodzi ndamanga ndi ulusi.

Ndine mchimwene wako.

Kusukulu, 15 Novembala

Okondedwa amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Nsapato zandikwana, zikomo kwambiri.

Masamu akuyenda bwino, ndipo pa mayeso a mwezi uno ndinakhala wachiwiri. Bokosi labweranso sabata yatha. Ndaliona. Ndi lakuda, lalikulu ngati sutikesi yanu ija, ndipo limalemera moti tinalinyamula anthu awiri kuchokera pa njinga kukalowetsa mu ofesi.

Amayi, ngati kuchipatalako kuli buku lililonse lakale la sayansi limene manesi sakulifunanso, ngakhale long'ambika, munditumizire.

Amalume akuti dalaivala akudikira. Ndilekeze pamenepa.

Ndine mwana wanu.

Kusukulu, 20 Januwale

Mlongo wanga,

Moni wa chaka chatsopano. Magalasi ndinalandira ndipo andithandiza kwambiri. Pepa kuti mwana sanabwere patchuthi, mvula inawononga msewu ndipo lole inkangobwera mwa apo ndi apo.

Wakhala ukufunsa zotsatira za teremu yoyamba. Ndikuuze mosabisa. M'maphunziro ena onse wachita bwino, koma sayansi walephera, ndipo walephera kwambiri. Mayesowo anachokera kumsewu, ofanana m'sukulu zonse zisanu. Si iye yekha amene sanachite bwino, koma ndikudziwa kuti iwe ukufuna kumva za wako. Masiku ano wasanduka wachete. Amangokhala kuseri kwa kalasi n'kumayang'ana kumapiri. Ana a msinkhu umenewu amavuta, ndipo kalata ya mayi nthawi zina imachita zimene mawu a malume sangachite. Umulimbikitse.

Za mgwirizano zikuyenda bwino. Bokosi latizungulira katatu tsopano, ndipo mbiri ya sukulu yathu ikadali yoyera.

Ndine mchimwene wako.

Ku tauni, 8 Febuluwale

Iwe Namafunso,

Moni ndikupatsa chifukwa ndine mayi ako, koma dziwa kuti ndalemba kalatayi mtima ukuwawa. Amalume ako andiuza zonse. Sayansi walephera? Iweyo?

Ndinawerenganso kalata yako ya mu Novembala, ndipo tsopano ndaimvetsa. "Ndaliona." Basi? Anzako akuphunzira, iwe ukuona? Ukundiuza mtundu wa bokosi ndi kulemera kwake ngati ndinakutumiza kusukulu kukaphunzira umtengatenga. Ndipo ukundipempha mabuku ong'ambika pamene m'manja mwako muli chinthu chimene ana ambiri kuno ku tauni sanachigwirepo. Ndikukudziwa, mwana iwe. Ukaona chinthu chachilendo umachita manyazi, umaima kumbuyo kudikira kuti wina akuitane. Palibe amene adzakuitane. Ine pantchito pano ndaona asungwana ambiri akubwera ndi mtima wofuna unamwino n'kuthera pa chidebe ndi chokolopera ngati ine, chifukwa choima kumbuyo.

Usiku wa dzana ndinakolopa masanzi a munthu wamkulu, kenaka nesi wamng'ono, wosakuposa ndi zaka zinayi, anandiuza kuti ndasiya madzi pakhomo. Ndinapepesa. Ndimapepesa choncho tsiku lililonse kuti iwe usadzapepese.

Ngati pali mnyamata amene akukuzunguza mutu, umuuze kuti mayi ako ali ndi manja olimba. Ngati palibe, ndimve izi: bokosilo likadzabweranso, woyamba kufika palo ukhale iwe. Usadikire munthu. Tenga tabuleti, yatsa, funsa mafunso ako aja mpaka itope. M'bokosimo muli thukuta langa, ndipo uli ndi ufulu wonse.

Sindikufuna yankho la mawu. Ndikufuna malikisi.

Mayi ako.

Kusukulu, 19 Febuluwale

Alamu,

Muli bwanji kumeneko? Kuno tilipo, mvula yokhayi ndiye yatikwana. Musadabwe kuona dzanja langa, ndikudziwa kuti kulemba si ntchito yanga. Kalatayi sindinaidutsitse mwa achimwene anu. Ndampatsa mayi wogulitsa tomato kuti akampatse dalaivala, ndipo chonde musadzanditchule.

Mwana wanu walira masiku awiri chilandirireni kalata yanu. Ine sindingathenso kukhala chete ngati chipupa. Alamu, mwanayu mwamulakwira, koma si inu nokha, tonse tamulakwira. Bokosi lija silitsekulidwa. Chiyambire, pasukulu pano palibe mwana amene waona m'kati mwake.

Nkhani yake ili chonchi. Pa bokosipo pali loko, komanso kalamba ka pulasitiki kokhala ndi nambala, kamene kakadulidwa sikabwereranso. Lamulo lawo anthu a mgwirizanowa ndi lakuti sukulu ikadula kalambako, pakutha pa sabata wa njinga yamoto aziwerenga ndi kuyesa matabuleti onse n'kumangapo kalamba kena, ndipo chilichonse chopezeka chowonongeka iyankhe ndi sukuluyo. Koma kalambako kakakhala kosadula, palibe kuwerenga, amangonyamula n'kumapita. Sabata yoyambirira a kumsika anatsekula. Mwana wina anagwetsa tabuleti imodzi, galasi linang'aluka. Makolo anawalipiritsa, ahedi a kumeneko anawakalipira pamsonkhano ngati mwana, n'kuwauza kuti zikadzachitikanso sukulu yawo ichotsedwa mu mgwirizano, masola ndi mabuku osadzaziona. Ahedi ena onse anali pomwepo akumva. Kuchokera tsiku limenelo aliyense amalandira bokosi, kulisunga, n'kulipereka kwa mnzake kalamba kali chimangire. Onse akudziwa, ndipo palibe amene amanena. Akakumana amayamikirana kuti akusamala katundu.

Achimwene anu amaliika pansi pa tebulo, amalifunditsa nsalu yanga yabwino kuopa fumbi, ndipo m'mawa uliwonse amapita kukalisuzumira ngati mlendo wodwala. Ine ndinawafunsa kuti, "Kodi abambo, chimenechi tinagula kuti tizichilera?" Anandiyankha kuti za ku ofesi sindingazimvetse. Si munthu woipa, mukuwadziwa. Ndi mantha. Kwatsala zaka ziwiri kuti apume pantchito, ndipo safuna kuti dzina lawo lidzatchulidwe kuti ndi amene anachotsetsa sukulu.

Nthawi ya sayansi ana amangouzidwa kuti aziwerenga okha, pamene buku lilipo limodzi, losowa masamba apakati. Mwana wanu anafunsa kamodzi pa mzere wa m'mawa kuti bokosi lidzatsekulidwa liti. Madzulo ake amalume ake anamuuza kuti wokhala m'nyumba mwa ahedi satulutsa za mu ofesi, kaya pakamwa kaya m'kalata. Makalata ake onse amadutsa m'manja mwawo. Nanga mukanafuna alembe chiyani?

Mulembereni msanga, alamu. Maso ake sakundisangalatsa.

Ndine mlamu wanu.

Ku tauni, 30 Malichi

Mwana wanga,

Uli bwanji, mayi wanga? Ndakhala ndikudikira yankho lako mwezi wonse ndi theka, ndikumaganiza kuti wandikwiyira. Dzulo dalaivala wabwera koyamba chikokolokereni mlatho, ndipo wandipatsa kalata ina imene inagona m'galimoto mwake nthawi yonseyi. Usandifunse kuti yachokera kwa yani. Ndaiwerengera m'kachipinda kosungiramo zidebe, ndipo nditamaliza ndinakhala pansi pomwepo.

Ndikhululukire. Ndinakukalipira pa mlandu umene si wako. Unandiuza zoona m'mawu amodzi, ine ndinamva zanga.

Tsopano tamvera, ndipo umvetsetse. Zonse zimene ndinalemba zija uziiwale. Bokosilo usaliyandikire. Usaligwire, usalinyamule, ngakhale atakutuma unene kuti dzanja likupweteka. Ndi msampha umene akuluakulu atcherana okhaokha, ndipo sindikufuna kuti ukole iwe. Ndalankhula ndi nesi wina wa ku wodi ya ana, munthu wabwino, wavomera kukuphunzitsa sayansi madzulo aliwonse patchuthi chikubwerachi, komanso wandipatsa mabuku ake awiri. Nthawi yatsala yochepa, koma mutu wako ndimaudziwa. Amalume ako ndithana nawo ndekha mayeso akadutsa. Pakali pano uziwapatsa ulemu, uzidya, uzigona.

Ndamupempha dalaivala kuti kalatayi akupatse m'manja mwako. Undiyankhe ndi lole yomweyi.

Mayi ako amene amakukonda.

Kusukulu, 11 Epulo

Okondedwa amayi,

Kalata yanu inafika Lachinayi. Bokosi ndinali nditatsekula Lolemba.

Musadziimbe mlandu kwambiri. Ndinaganiza ndekha, ngakhale kuti mawu anu ankandilira m'mutu. Mu Malichi silinabwere chifukwa cha mlatho. Litafika sabata ino ndinawerengera kuti likachoka lidzabweranso mayeso ali pakhomo. Amalume anapita kumsonkhano kumsewu ndipo makiyi anasiya m'thumba la jekete lawo lakale. Nthawi ya sayansi itakwana ndinauza anzanga kuti lero tiphunzira. Ena anaseka, ena anaopa, koma atsikana atatu ananditsatira. Tinalikoka pansi pa tebulo n'kulinyamula mpaka m'kalasi. Sindinabe, amayi. Ndinalitsekula masana, pamaso pa kalasi yonse, ndipo kalamba ndinadula ndi lumo langa losongolera pensulo.

Titatukula chivundikiro munatuluka fungo ngati la zovala zimene zaiwalika m'madzi. Pansi pa bokosi panali madzi akuda. Makatoni anali atawola, nkhungu yoyera paliponse. Matabuleti ena anali atatupa mpaka galasi kutukuka, ndipo m'mabowo ake munali dzimbiri. Ndinatenga imodzi imene inkaoneka bwino, ndinaipukuta ndi siketi, ndinadina batani. Ndinadinanso. Tinayesa onse makumi awiri. Palibe imene inayaka, ngakhale imodzi. Mnyamata wina anati, "Ndiye sayansi yake ndi imeneyi?" koma palibe anaseka.

Wa njinga yamoto atabwera anangogwira mutu. Anandiuza pambali kuti mu Disembala anagwa nalo powoloka mtsinje pochokera kutsidya, koma poona kuti kalamba kali bwino, anangolipukuta pamwamba n'kupitiriza ulendo. Ndinamupempha kuti akanene zimenezo. Anati ali ndi ana.

Amalume sanandimenye ndipo sanandikalipire. Anaima pakhomo la kalasi nthawi yaitali akuyang'ana bokosilo, kenaka anatola kalamba kodukako pansi n'kukaika m'thumba. Chiyambire tsiku limenelo sitinalankhulane. Azakhali ndi amene amandibweretsera chakudya kuchipinda. Akuti kukhala msonkhano wa ahedi onse.

Amayi, dzimbiri silibwera tsiku limodzi. Zimenezo ndikuzidziwa ngakhale sindinaphunzire sayansi. Ndikhulupirira kuti nawonso aziona.

Ndine mwana wanu.

Kusukulu, 25 Epulo

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Ine sindili bwino, ndipo kalatayi ndaiyamba katatu.

Msonkhano unachitika Lachiwiri kusukulu ya kumsewu. Ndinanena zonse zimene ndikanatha kunena. Ndinawaonetsa dzimbiri. Ahedi a kutsidya anati bokosi linachoka kwawo kalamba kali kosadula. A kuphiri ananena chimodzimodzi. A kumsika anati iwo analipira kale galasi limodzi lokha, nanga lero lamulo lisinthe chifukwa kwawonongeka makumi awiri? Wa njinga yamoto anati sakumbukira chilichonse. Aphunzitsi a sayansi anali pomwepo. Anafunsa kuti, "Kodi maphunziro amene ndinajambula miyezi itatu aja, pali mwana amene anawaonerapo?" Anatenga chipewa chawo n'kutuluka, ndipo wapampando anati tibwerere ku nkhani imene tabwerera.

Lamulo ndi lomveka, ndipo nanenso ndinasainira. Kalamba kanadukira pasukulu yanga. Anandipatsa njira ziwiri. Yoyamba, sukulu ivomere kuti inatsekula bokosi, ichotsedwe mu mgwirizano, ndipo makolo alipire zonse. Makolo ake ukuwadziwa, ndi anthu amene amagulitsa nkhuku kuti agule yunifolomu. Masola sitidzawaona, mabuku sitidzawaona, ndipo mphunzitsi wa sayansi sadzabweranso, poti malo ake tinapereka kale ku mgwirizano. Yachiwiri, zilembedwe kuti sukulu sinatsekule, koma wophunzira anatenga makiyi mopanda chilolezo ndi kuthyola katundu wa mgwirizano. Zikatero wapampando akapempha thandizo kwa amene anatithandiza pogula, sukulu ikhalabe mu mgwirizano, koma wophunzirayo achotsedwe sukulu ndipo dzina lake lichotsedwe pa olemba mayeso, kuti ena atengerepo phunziro.

Ndinapempha kuti angomuimitsa, adzabwere kudzalemba mayeso okha. Wapampando anati akanakhala mwana wa munthu wamba ndikanapempha choncho? Onse anandiyang'ana.

Mlongo wanga, ndili ndi ana mazana atatu. Ndinasankha yachiwiri.

Ndikudziwa zimene unene. Koma makiyi anatengadi, ndipo sindinalembe bodza. Chaka chamawa akhoza kulembetsa payekha ku tauni komweko, ndipo ine ndidzathandiza mmene ndingathere. Undiuze tsiku limene ukufuna kuti akwere lole.

Ndine mchimwene wako.

Ku tauni, 3 Meyi

Achimwene,

Moni. Za thanzi lanu sindifunsa, poti mwanena kale kuti simuli bwino, ndipo n'koyenera.

Mukuti simunalembe bodza. Inde, inu bodza simulemba, ndimakudziwani. Miyezi yonseyi munandilembera zoona zokhazokha. Linafika, linachoka, mbiri yoyera. Ine chitsiru ndinkawerengera manesi makalata anu pa nthawi ya tiyi. Munandiuza kuti mwana walephera sayansi, osandiuza kuti palibe amene akumuphunzitsa. Munati ndimulimbikitse, ndipo ndinamulimbikitsadi. Mpeni munanola ndinu, koma wobaya ndinali ine, ndipo chimenechi ndidzafa nacho.

Amuna asanu ophunzira, a mataye, munagula chinthu cha ana n'kumachiopa ngati njoka. Munkapatsirana madzi owola pa njinga yamoto miyezi inayi, kumasainirana, kumaomberana m'manja. Chichitikireni za galasi lija, munthu mmodzi yekha m'sukulu zisanu anachita chimene bokosilo linagulidwira, ndipo ndi ameneyo mwamupeza wolakwa. Mukuti muli ndi ana mazana atatu. Chabwino. Mwawapulumutsira chiyani? Bokosi lina loti muzidzalifunditsa nsalu?

Ndinapita ku ofesi ya maphunziro kuno Lachisanu, ndinataya tsiku lantchito. Ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa. Mayi wa pawindo anandimvetsera bwino, kenaka anati nkhani za chilango zimathera kwa ahedi ndi komiti yawo, ndipo kalata yochotsa dzina inafika kale, yosainidwa bwino. Anandionetsa. Dzanja lanu ndi lokongolabe ngati kale, pamene munkandilembera dzina pa makope anga.

Pamene bambo ake anamwalira munati, "Bwera naye kuno, kwa ine aphunzira." Ndinakukhulupirirani kuposa munthu aliyense. Sindikutukwanani, achimwene, tinayamwa bere limodzi. Koma musadzandilemberenso za mgwirizano wanu, ndipo thandizo lanu la chaka chamawa musunge.

Akwere lole ya pa 18. Alamu muwauze kuti ndawathokoza chifukwa chomusunga.

Mlongo wanu.

Kusukulu, 16 Meyi

Okondedwa amayi,

Muli bwanji? Kalatayi ifika tsiku limodzi ine ndisanafike, ndampatsa wa basi ya kumsewu. Ndalemba chifukwa pali zina zimene pamaso sindingathe kunena.

Anzanga ayamba kukonzekera mayeso. Ndimawamva kuchokera kuchipinda kuno akubwereza masamu mokweza. Atsikana atatu aja anabwera kudzanditsanzika mobisa. Iwo anangopatsidwa chilango chosesa bwalo, ndipo ndasangalala kuti zawathera pamenepo. Dzulo amalume anagogoda pachitseko changa. Anaima, anatsegula pakamwa, kenaka anangofunsa ngati chikwama changa chili ndi zipi yabwino. Ndinati ili bwino. Akalamba kwambiri mwezi uno. Musawakwiyire mpaka kalekale.

Mwandilembera kuti chaka chamawa ndidzalemba. Amayi, tisanamizane. Kulembetsa pawekha kumafuna kalata ya kusukulu imene unachokera, ndipo yanga ndaiwerenga. Akuti ndinathyola katundu. Ngakhale atandilola kulemba, kusukulu ya unamwino adzaifunanso kalata yomweyo, ndipo palibe amene angapereke makiyi a kabati ya mankhwala kwa munthu wolembedwa choncho. Ndaganiza zimenezi masiku ambiri ndipo ndasiya kulira. Nesi uja mumuthokoze, mabuku ake mumubwezere asanafike pothimbirira.

Ndikubwera ndi chikwama chimodzi ndi bulangeti. Musadzabwere kudzandichingamira, mungatayenso tsiku lantchito, njira ndikuikumbukira. Koma mukapita kuntchito mukafunse kwa akapitawo anu ngati pali malo, ngakhale a masiku ochepa pa sabata. Msana wanu wafika potopa, ndipo ine kukolopa ndimatha. Mundifunsirenso ngati yunifolomu yake amapereka okha kapena munthu amagula.

Ndine mwana wanu.